Pokumana Luangwa ndi Zambezi: Malo, Anthu ndi Cuma ca Boma la Luangwa

1.0 Mau Oyamba

Ambiri a ife amene tiphunzitsa Cinyanja tinazolowera kuciona monga cilankhulo ca kumtunda, ca ku Chipata, Katete ndi Chadiza, kumene anthu amalima cimanga, nshawa ndi fodya, nawetanso ng'ombe. Mabuku a m'sukulu anatenga zitsanzo zao zambiri m'moyo wotero. Komatu Cinyanja cimaphunzitsidwanso kumadera ena kumene nthaka, nyengo ndi nchito za anthu n'zosiyana kotheratu ndi za kumtunda, ndiponso kumene ana amafika pasukulu akulankhula zilankhulo zina. Limodzi la madera otero ndi boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira, kum'mawa kwenikweni kwa cigawo ca Lusaka.

Mu nkhani ino tifotokoza za malo a bomali, za anthu ake ndi mbiri yao, ndi za njira zimene amapezera cakudya ndi ndalama. Potsiriza tionetsa mmene zinthu zitatuzi zikhudzira nchito ya mphunzitsi wa cilankhulo ndi ya wofufuza. Maganizo athu ndi akuti munthu sangamvetse cilankhulo ca anthu a m'cigwa ici ngati sadziwa mitsinje imene inawasonkhanitsa ndi malonda amene anawasakaniza.

Popeza liu lakuti boma lili ndi matanthauzo angapo, tiyenera kunena mmene tiligwiritsira nchito. Tikati "boma la Luangwa" titanthauza dera lonse. Tikati "pa boma" titanthauza katauni kumene kuli maofesi. Ndipo tikalemba "Boma" ndi cilembo cacikulu titanthauza ulamuliro wa dziko la Zambia.

2.0 Malo ndi Nyengo

2.1 Malire

Boma la Luangwa lili pangodya imene mitsinje iwiri ikuluikulu ipanga. Kum'mawa kuli mtsinje wa Luangwa, umene m'cigawo cake cotsiriza ndiwo malire a Zambia ndi Mozambique. Kumwera kuli Zambezi, amene ndi malire a Zambia ndi Zimbabwe. Kumpoto ndi kumadzulo kuli mapiri ndi nkhalango za boma la Rufunsa. Pa boma penipeni ndi pamene mitsinje iwiriyi ikumana. Munthu ataima padooko amaona Zumbo, tauni ya m'cigawo ca Tete, patsidya pa Luangwa; akaceukira kumwera amaona Kanyemba, m'boma la Mbire ku Zimbabwe, patsidya pa Zambezi. Maiko atatu ali pamtunda woti bwato lingaoloke m'kanthawi kocepa.

Mtsinje wa Luangwa umacokera kumapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a Malawi ndi Tanzania, ndipo umayenda makilomita opitirira 700 usanathire m'Zambezi. Pang'ono kumpoto kwa mlatho wa pamseu wa kum'mawa umalandira madzi a Lunsemfwa. M'dzinja umadzaza msanga, madzi ake nafiira ndi matope. M'cilimwe umaphwa kwambiri, nusiya mcenga wambiri pakati.

2.2 Cigwa ndi kutentha

Pamene Zambezi aturukira m'Zambia ndi malo otsikitsitsa a dziko lonse, mamita 329 pamwamba pa nyanja yamcere. Mzinda wa Lusaka uli pamamita opitirira 1,200. Motero wocoka ku Lusaka amatsika mamita pafupifupi 900 kuti afike pa boma la Luangwa, ndipo kutsika kumeneku ndiko kumasintha zonse. Akatswiri a zaulimi anagawa Zambia m'zigawo zitatu monga mwa mvula, ndipo Luangwa ili m'cigawo coyamba, cimene cimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pacaka. Mvulayo imacedwa kuyamba, imadukiza pakati pa dzinja, ndipo kawirikawiri imaleka mbeu zisanakhwime. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika ndi kupitirira madigiri 40.

Mitengo ya kuno ndi yopirira cilala: tsanya, mlambe, msau, mlaza ndi mitengo yaminga. Nthaka yabwino ili m'kamzere kopapatiza m'mbali mwa mitsinje, pamene madzi osefukira amasiya matope. Kutali ndi mtsinje kuli miyala ndi zitunda zouma. N'cifukwa cake midzi, masukulu ndi minda zinandandalikana motsata Luangwa ndi Zambezi, pamene mbali yaikulu ya kumadzulo ili malo a nyama zakuchire.

2.3 Madamu ndi mseu

Madamu awiri anasintha khalidwe la Zambezi pamalo ano. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959, lili kumtunda, ndipo linacepetsa kusefukira kwa caka ndi caka kumene kunkanyowetsa minda ya m'mbali mwa mtsinje. Damu la Cahora Bassa, la mu 1974, lili kumunsi, ndipo nyanja yake imafika pafupi ndi Zumbo. Zambezi akadzaza kwambiri, madzi a Luangwa amasowa pothira, nabwerera m'mbuyo kukamiza minda ya m'munsi. Mlimi wa kuno amaopa cilala ndi cigumula, nthawi zina m'caka cimodzimodzi.

Njira yapamtunda ndi imodzi yokha. Wocoka ku Lusaka amatsata mseu waukulu wa kum'mawa makilomita opitirira 200 kufikira pafupi ndi mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968. Pamenepo amapatukira kumwera pamseu wa D145, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Mseu umenewu unakhala wafumbi zaka zambiri, ndipo unaikidwa phula m'zaka zotsatira 2012 m'nchito ya Boma yochedwa Link Zambia 8000. Kwa anthu a kuno, Zumbo ndi Kanyemba zakhala pafupi kuposa likulu la cigawo cao, ndipo mfundo imeneyi tibwererakonso pokamba za zilankhulo.

3.0 Mbiri m'Maina a Malo

Dzina lakuti Feira ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Ca m'ma 1720 amalonda ocokera ku Tete, ambiri a iwo a makolo a ku Goa, anakhazikitsa msika pa Zumbo wogulirapo golide ndi minyanga ya njovu, ndipo pambuyo pake malonda anaolokera kutsidya la kumadzulo kwa Luangwa. Nsalu ndi mikanda zinkakwera Zambezi m'mabwato; minyanga, golide, mkuwa ndi akapolo zinkatsikira kunyanja. Malondawa anagwa m'zaka za m'ma 1830. M'nyengo yomweyo, mu Novembala 1835, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi ca kufupi ndi Zumbo, pa tsiku limene kunacita kadamsana.

David Livingstone anafika pokumana mitsinjeyi mu Januwale 1856. Anapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi a chalichi, ndi belu losweka. Mfumu ya dzikolo inali Mburuma, dzina limene lilipobe lero. Apwitikizi anabwerera ku Zumbo m'zaka za m'ma 1860, ndipo mphamvu inagwa m'manja mwa eni magulu a nkhondo. Odziwika kwambiri anali José do Rosário Andrade, amene anthu ankamucha Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya. Dzina la Kanyemba linatsala pamudzi wa kutsidya ku Zimbabwe. Mu 1887 kunafika John Harrison Clark, wodziwika ndi dzina lakuti Changa Changa, amene anakhala pa Feira ndi gulu lake la asilikali.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dera limodzi la malonda m'zigawo za maulamuliro osiyana, ndipo abale anasanduka anthu a maiko awiri kapena atatu. Kampani ya British South Africa inatsegula ofesi pa Feira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kwa kanthawi malowa anali dooko lofunika loolokerapo Zambezi, koma mlatho wa njanji wa pa Victoria Falls utatsegulidwa mu 1905, aulendo ndi katundu anayamba kudzera kumadzulo, ndipo Feira inatsala pambali.

Boma latsopano la ku Portugal litathamangitsa ansembe a Cijezuiti mu 1910, amene anali pa Miruru, kufupi ndi Zumbo, anaoloka Luangwa nakhazika mishoni ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ambiri amene anapitiriza nchitoyo anali ocokera ku Poland. Katondwe inadziwika pambuyo pake ndi cipatala cake ndi sukulu ya atsikana. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Feira linalowedwa m'malo ndi la Luangwa, koma silinafe: pazisankho za 2021 dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo linali kuchedwabe Feira. Malire anabweretsanso nkhondo. Pa 6 Malici 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, ndipo asilikali a Zambia ndi anthu wamba anafa nao. Nkhondo ya pacibale ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inaolotsanso anthu ambiri kudzafuna pobisala kwa abale ao.

4.0 Anthu

4.1 Ciwerengero

Luangwa ndi limodzi la maboma a anthu ocepa m'Zambia. Kalembera wa 2000 anapeza anthu osafika 19,000. Wa 2010 anapeza opitirira pang'ono 24,000. Ndipo wa 2022 anapeza opitirira 35,000. Ciwerengero cacepa tikaciyerekeza ndi kukula kwa dera, koma tikumbukire kuti anthuwa aunjikana m'kamzere ka nthaka ya m'mbali mwa mitsinje. Kumeneko malo olima ayamba kupanikiza, ndipo mlimi amalimbirana dooko limodzi ndi msodzi, mbuzi ndi njovu.

4.2 Mitundu iwiri ya eni dera

Dera lagawidwa pakati pa mafumu awiri. Mfumu Yaikulu Mburuma ilamulira Ansenga-Luzi, ndipo mwambo wao wa caka ndi caka ndi Mbambala. Mfumu Mphuka ilamulira Acikunda, ndipo mwambo wao ndi Dantho. Kuonjezera pa amenewa pali anchito a Boma, amalonda ndi asodzi ocokera kumadera ena a Zambia, ndi anthu a kutsidya amene anakwatira kapena kukwatiwa kuno.

Ansenga-Luzi ndi nthambi ya Ansenga, abale a anthu a ku Nyimba ndi Petauke, ndipo monga Ansenga ena amawerenga mtundu kudzera mwa mai. Wolankhula Cinyanja akamva dzina lao amaganiza za luzi lomangira nyumba. Ife tiona kuti liuli ndi lacibale ndi rwizi wa Cishona, amene atanthauza mtsinje, ndipo ngati ndi tero, dzinali linena Ansenga a kumtsinje, kuwasiyanitsa ndi a kumtunda.

Mbiri ya Acikunda ndi yacilendo pakati pa mitundu ya Zambia, pakuti iwo sanacokere kwa kholo limodzi kapena ku ufumu umodzi. Poyamba anali akapolo onyamula zida paminda ikuluikulu ya Apwitikizi, yochedwa prazo, m'cigwa ca Zambezi pakati pa Tete ndi Sena. Anatengedwa kwa Acewa, Amang'anja, Ansenga, Asena ndi mitundu ina yambiri, ndipo nchito yao inali kulondera minda, kusonkhetsa msonkho, kusaka njovu ndi kupalasa mabwato a malonda. Allen Isaacman ndi Barbara Isaacman, m'buku lao la 2004 lochedwa Slavery and Beyond, anaonetsa mmene anthu a makolo osiyanasiyanawa anapangira mtundu watsopano, wokhala ndi mphini zake, miyambo yake ndi cilankhulo cake, ndi mmene anasiyira kuwerenga mtundu mwa mai nayamba kuuwerenga mwa bambo. Dzina lao alilumikiza ndi mneni wakuti kukunda, ndiko kugonjetsa. Minda ya prazo itapasuka m'zaka za m'ma 1800, magulu ambiri a Acikunda anakwera Zambezi nakhazikika pozungulira Zumbo ndi Feira.

4.3 Acikunda si Akunda

Pali kusokoneza kumodzi kumene kwalowa ngakhale m'zolemba za ophunzira, ndipo tiyenera kukukonza. Acikunda a ku Luangwa ndi Akunda a m'boma la Mambwe, m'cigawo ca Kum'mawa, ndi mitundu iwiri yosiyana. Akunda ndi anthu a Mfumu Yaikulu Nsefu ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Mbiri yao imaloza kumpoto ndi kumadzulo, kwa Abisa ndi Aluba, ndipo mwambo wao ndi Malaila. Acikunda mbiri yao imaloza kumunsi kwa Zambezi. Cisokonezo cinakula cifukwa Malcolm Guthrie, pogawa zilankhulo za Cibantu mu 1948, analemba Kunda pa nambala N.42, pakati pa Cinsenga, N.41, ndi Cinyungwe, N.43. Wowerenga wa ku Zambia akaona dzinalo amaganiza za Mambwe, pamene malo ake m'ndandandawo, pafupi ndi Cinyungwe ndi Cisena, ndi oyenera Cicikunda. Wofufuza aliyense azinena poyera kuti akamba za gulu liti.

5.0 Cuma

5.1 Ulimi ndi ziweto

Banja la kuno silidalira nchito imodzi. Limalima munda wa mvula, limalima dimba m'mbali mwa mtsinje madzi akaphwa, limasodza, limaluka ndi kutola zipatso, kuti imodzi ikakanika ina iwapulumutse. M'minda ya mvula muli cimanga, mapira, khobwe ndi maungu. Mapira ndiwo oyenera nyengo ya kuno, koma anthu ambiri anazolowera nsima ya cimanga, ndipo thandizo la Boma la mbeu ndi feteleza lakhala likutsamira pacimanga. Zotsatira zake n'zakuti m'zaka za cilala, monga 1991/92 ndi 2023/24, nkhokwe zimakhala zopanda kanthu ndipo anthu amayembekezera cakudya ca thandizo. Cilala ca 2023/24 cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024.

Dimba ndilo limasunga moyo m'cilimwe, cifukwa cinyontho cimatsala m'matope. Koma dimba lili panjira ya mvuu ndi njovu, ndipo mlimi amagona m'msasa kulondera ndi moto ndi zitini. Ng'ombe n'zocepa cifukwa ca kashembe ndi kusowa kwa msipu m'cilimwe. Ciweto cenicheni ca m'cigwa ndi mbuzi, imene imadya masamba a minga ndi masau ogwa, ndipo imagulitsidwa pakafunika ndalama za sukulu kapena za kucipatala.

5.2 Usodzi ndi malonda a pamalire

Nsomba ndizo zimabweretsa ndalama zambiri pa boma. Asodzi amagwira pende, mcheni, nkupe, vundu ndi milamba ndi maukonde, mbedza ndi miono. Koma gawo lalikulu la nsomba zogulitsidwa padooko limacokera kutsidya, kunyanja ya Cahora Bassa, kudzera pa Zumbo. Popeza kumatentha ndipo msika uli kutali, nsomba amaziwamba pamoto kapena kuzithira mcere ndi kuziyanika. Amalonda, ambiri a iwo akazi, amazitengera ku Lusaka, ku Copperbelt, ngakhale kumalire a Congo pa Kasumbalesa. Zina zimagulitsidwa pamsika wa pafupi ndi mlatho wa Luangwa, pamene mabasi a ku Chipata ndi ku Malawi amaima. Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi imeneyi ndi yomwenso njala imakula, mbeu zisanace.

Mabwato obwerera ku Zumbo amanyamula ufa, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi simenti, pakuti tauniyo ili kutali kwambiri ndi mzinda wa Tete ndipo katundu wa ku Lusaka amafika msanga. Padooko pamayenda Kwacha ya Zambia, metical ya Mozambique ndi dola ya America. Madzi omwewo ali ndi zoopsa zake: ng'ona zimagwira asodzi, akazi otunga madzi ndi ana osamba, ndipo mvuu zimagubuduza mabwato.

5.3 Zoluka ndi zipatso

Aliyense amene anayenda pamseu wa kum'mawa anaona mphasa, madengu ndi zipewa zoyalidwa pamlatho wa Luangwa. Mphasa amaluka ndi bango la m'mitsinje, madengu ndi zipewa ndi mlaza. Nchitoyi siifuna ndalama zoyambira, n'cifukwa cake okalamba ndi osauka amaidalira. M'nyengo yozizira masau amapsa, ndipo mabanja athunthu amatola, nayanika, nalongedza m'matumba kupita nao ku Lusaka; ena amaphikira kacasu. Malambe nawonso amagulitsidwa. Zipatso izi zimabala ngakhale caka cimene cimanga capsa ndi dzuwa.

5.4 Nyama zakuchire ndi mkangano wa mgodi

Mbali ya nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ili m'bomali, pamodzi ndi malo osungirako nyama a Rufunsa, kumene anthu amaloledwa kukhala. Lamulo la nyama zakuchire la 1998 linakhazika makomiti a m'midzi olandira gawo la ndalama za ulenje wa alendo, ndipo lamulo la 2015 linapitiriza makomitiwo pamene linabweza nchito ya nyama m'manja mwa dipatimenti ya Boma. Acinyamata ena amapeza nchito ya ulonda wa nyama ndi ya m'malo ogona alendo. Koma amene njovu yamudyera munda usiku umodzi saona kuti ndalamazo zilingana ndi zimene wataya.

Kusowa kwa nchito ndiko kunagawa anthu pankhani ya mgodi wa mkuwa wa Kangaluwi, umene kampani ina inafuna kukumba mkati mwa nkhalango yotetezedwayo. Bungwe loona za cilengedwe, ZEMA, linakana mu 2012. Nduna inalola mu 2014. Mlandu unakhala m'makhoti zaka zambiri. Ndipo mu 2023 Boma linaimitsa nchitoyo. Ena anaona mgodiwo monga mwai wa nchito, ena monga ciopsezo pamadzi a Zambezi, amene asodzi a maiko atatu amadalira.

6.0 Zilankhulo ndi Sukulu

Tsono tibwere ku nchito yathu. Zambia inasankha zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'sukulu ndi pawailesi: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cigawo ca Lusaka cinapatsidwa Cinyanja, ndipo Luangwa inalowa momwemo. Koma mwana wa kwa Mburuma amakula ndi Cinsenga, ndipo wa kwa Mphuka amakula ndi Cicikunda. Padooko amamvanso Cinyungwe, Cipwitikizi, Cishona ca Akorekore, Cibemba ca amalonda ndi Cinyanja ca m'tauni. Cinyanja ca m'buku, cimene maziko ake ndi Cicewa, amakumana naco koyamba m'kalasi.

Zilankhulozi n'zacibale, koma kusiyana kwake si kocepa. Mgwirizano wa maina a gulu la ci- ukhale citsanzo. Liu lakuti cinthu likaculuka limakhala zinthu m'Cinyanja, vinthu m'Cinsenga, bzinthu m'Cinyungwe ndi pinthu m'Cisena. Ndipo popeza mphatikiram'mbuyo ameneyu amabwerezedwa pamneni, pamfotokozi ndi pamlowam'malo, kusiyana kumodzi kumaoneka kangapo m'ciganizo cimodzi. Mamvekero asiyananso: pamene Cinyanja citi madzi ndi dzuwa, Cinsenga citi manzi ndi zuwa. Mau ena ndi osiyana kotheratu, monga ng'anda m'malo mwa nyumba, ndi lomba m'malo mwa tsopano. Mwana akalemba "vinthu vambiri" kapena "manzi", sanalakwe cifukwa ca ulesi. Watsata lamulo la cilankhulo cake. Mphunzitsi wodziwa izi amamuonetsa malamulo awiriwo pambali ndi pambali. Wosadziwa amangodula ndi inki yofiira, mwanayo naphunzira kuti zolankhula za kwao n'zolakwa.

Malamulo a cilankhulo ca m'kalasi asintha kangapo. Kuyambira mu 1966 Cingerezi cinali cophunzitsira kucokera m'Giredi 1. Ndondomeko ya 1996 inalola kuti ana ayambe kuwerenga m'cilankhulo ca Zambia. Mu 2014 cilankhulo ca dera cinakhala cophunzitsira kufikira Giredi 4. Ndipo ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, inabwezera Cingerezi pamalo oyamba, zilankhulo za Zambia nizikhala phunziro ndi zothandizira kufotokoza. M'masinthidwe onsewa, cilankhulo ca m'nyumba ya mwana wa ku Luangwa sicinakhalepo ndi mabuku ake a m'kalasi.

Cuma ca bomali cikhudzanso nkhaniyi. Mau ambiri a Cinyanja ocokera ku Cipwitikizi, monga nsapato kucokera ku sapato, kalata ku carta, zenera ku janela, kapitao ku capitão, bulu ku burro, kama ku cama ndi kacasu ku cachaça, anafika kumtunda kudzera m'malonda a m'cigwa ca Zambezi, amene Zumbo ndi Feira zinali malekezero ake a kumadzulo. Wofufuza mau obwereka ali ndi nchito yaikulu kuno. Komanso mau a usodzi, a kusema ndi kupalasa bwato, a mitundu ya mafunde ndi mphepo, ndi a ulenje wa njovu ali m'kamwa mwa okalamba. Maboti a injini ndi maukonde a m'sitolo akamalowa m'malo mwa zida zakale, mau ake amapita nazo.

7.0 Mau Otsiriza

Taona kuti boma la Luangwa ndi cigwa cotentha, ca mvula yocepa, cimene anthu ake amakhala m'mbali mwa mitsinje iwiri ya pamalire. Kuti Ansenga-Luzi ndi Acikunda anasonkhanitsidwa pamenepo ndi malonda a zaka pafupifupi 300. Ndi kuti moyo wao lero umadalira dimba, nsomba, mbuzi, zoluka ndi zipatso zakuthengo. Pa izi tipereka maganizo anai kwa anzathu.

Coyamba, zolemba zathu ndi za ophunzira athu zizisiyanitsa Cicikunda ca ku Luangwa ndi Cikunda ca ku Mambwe. Caciwiri, makoleji a aphunzitsi azipereka phunziro lalifupi loyerekeza Cinyanja ndi Cinsenga, Cicikunda ndi Cisoli, pakuti amenewa ndiwo malankhulidwe amene mphunzitsi wotumizidwa kumidzi ya cigawo ca Lusaka adzawapeza. Cacitatu, olemba mabuku a Cinyanja aziikamo nkhani za bwato, dimba, masau ndi mbuzi, kuti mwana wa m'cigwa azipezamo zimene adziwa. Cacinai, nchito yolemba mau a Cicikunda icitike mogwirizana ndi anzathu a ku Mozambique, amene kuyambira pamsonkhano wa 1988 wa bungwe la NELIMO, pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, akhala akukonza kalembedwe ka Cinyungwe ndi Cisena. Anthu a patsidya ziwiri za Luangwa amamvana polankhula, ndipo kungakhale kulakwa kwa ife ophunzira ngati tiwapatsa kalembedwe kosiyana kotero kuti asathe kuwerengerana makalata.